Kodi Philadelphia Eagles iteteza chikho chake mu 2025?

(NYIMBO YOTSEGULIRA, KENAKA ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO)

MUULUTSI: Lero tiwoloka nyanja mpaka ku America, mumzinda wa Philadelphia, kwawo kwa timu ya Philadelphia Eagles, imene inakhala akatswiri a mpira wa ku America mu Febuluwale 2025. Ligi yawo, yotchedwa NFL, inayambanso pa 4 Sepitembala 2025, ndipo nyengoyo isanayambe otsatira masewerawa ankafunsana chinthu chimodzi: kodi anyamatawa angatenge chikho kawiri motsatizana? Tiione nkhaniyi monga inalili nyengoyo isanayambe.

Ambiri a ife tinakulira pa mpira wamiyendo, choncho ndiyambe ndi mawu ochepa kwa inu amene simunauonerepo mpira uwu. Ndi wosongoka mbali zonse ziwiri, ndipo nthawi zambiri umakhala m'manja. Bwalo ndi lotalika mayadi 100, omwe ndi mamita pafupifupi 91, ndipo kumapeto kulikonse kuli kachigawo ka mayadi 10 kochinyira. Mbali iliyonse imalowetsa osewera 11. Timu imene ili ndi mpira imapatsidwa mwayi kanayi kuti isunthire kutsogolo mayadi 10. Ikakwanitsa, imayambiranso kuwerenga kanayi. Ikakanika, mpira umapita kwa adani. Kusunthako kuli pawiri: kuthamanga nawo mpira utaukumbatira, kapena kuuponyera mnzako amene wathawira kutsogolo. Ukafika nawo kumapeto kwa bwalo wachinya touchdown, mapointi 6. Ukaumenya ndi phazi n'kudutsa pakati pa mitengo ya golo, mapointi 3. Wosewera amene amayamba kulandira mpira ndi kuugawa amatchedwa quarterback.

Chinthu china musachiiwale, pakuti tibwererako kangapo. Timu imodzi imakhala ndi magulu awiri akuluakulu. Lina limalowa m'bwalo timu ikakhala ndi mpira, ntchito yake kuchinya. Lina limalowa mpira ukakhala kwa adani, ntchito yake kutchinga. Gulu lililonse lili ndi mphunzitsi wake pansi pa mphunzitsi wamkulu, ndipo kawirikawiri aphunzitsi awiriwa ndi amene amasankha njira yoti anyamata asewere mpira uliwonse usanayambe.

Mu NFL muli matimu 32, ogawidwa m'mbali ziwiri, AFC ndi NFC, ndipo mbali iliyonse inagawidwanso m'magulu ang'onoang'ono a matimu. Timu iliyonse imasewera masewera 17. Kenaka matimu 14 amalowa m'ndime yochotsana, momwe wogonja kamodzi amalongedza katundu, mpaka atatsala awiri okakumana pa masewera omaliza olimbirana chikho, otchedwa Super Bowl.

Pa 9 Febuluwale 2025, mumzinda wa New Orleans, awiri otsalawo anali Eagles ndi Kansas City Chiefs. Chiefs, motsogozedwa ndi quarterback wawo Patrick Mahomes, inali itatenga chikho zaka ziwiri zotsatizana ndipo inkafuna kukhala timu yoyamba kutenga Super Bowl katatu mondondozana. Eagles inawaonetsa chakuda. Popita kokapuma zinthu zinali 24 kwa 0, ndipo masewera anatha 40 kwa 22. Mahomes anagwetsedwa pansi mpira uli m'manja maulendo 6. Mnyamata Cooper DeJean, amene tsiku lomwelo ankakwanitsa zaka 22, anawakha mpira woponyedwa ndi Mahomes n'kuthamanga nawo mpaka kukachinya. Quarterback wa Eagles, Jalen Hurts, anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse pa tsikulo. Chinali chikho chachiwiri cha Super Bowl kwa timuyi, imene inakhazikitsidwa mu 1933. Choyamba inatenga mu Febuluwale 2018 itagonjetsa New England Patriots 41 kwa 33.

Tsono wina anganene kuti timu yothambitsa akatswiri chotere ilibe chodetsa nkhawa. Apa m'pamene pali phunziro lenileni la lero. Ligi ya NFL inapangidwa mwadala kuti amene ali pamwamba asakhalitsepo.

Njira yoyamba ndi malire a malipiro. M'nyengo ya 2025 timu iliyonse, yolemera kaya yosauka, sinkaloledwa kupyola madola 279.2 miliyoni pa malipiro a osewera ake onse. Mwini wa Eagles, bambo Jeffrey Lurie, amene anagula timuyi mu 1994, ngakhale atafuna kutulutsa ndalama zina m'thumba mwake, lamulo silimulola kungosunga aliyense. Ndipo timu ikatenga chikho, mtengo wa osewera ake umakwera. Amene mgwirizano wake watha amalandira mafoni ochokera ku matimu ena okhala ndi mpata pa malipiro, ndipo ambiri amapita.

Njira yachiwiri ndi kasankhidwe ka osewera atsopano ochokera m'mayunivesite, kamene kamachitika mwezi wa Epulo. Timu imene inachita moipa kuposa onse ndiyo imayamba kusankha, ndipo akatswiri amasankha pomaliza. Njira yachitatu ndi ndandanda ya masewera: amene anakhala oyamba m'gulu lawo amaikidwa kuti akumane ndi ena amene anakhalanso oyamba m'magulu awo. Akuluakulu anati mutu ukakula sulewa nkhonya. N'chifukwa chake kuyambira pamene New England Patriots inateteza chikho m'nyengo za 2003 ndi 2004, panadutsa zaka pafupifupi 20 timu ina isanachitenso zimenezo, kufikira Chiefs m'nyengo za 2022 ndi 2023.

Tiyeni tione mmene nkhonyazi zinagwera pa Eagles mu 2025. Mwa maulendo 6 aja amene Mahomes anagwetsedwa, opitirira theka anali ntchito ya anthu awiri, Josh Sweat ndi Milton Williams. Onse awiri kulibenso. Sweat anapita ku Arizona Cardinals, ndipo Williams anasaina mgwirizano wa zaka 4 wa madola 104 miliyoni ndi New England Patriots. Brandon Graham, mkhalakale amene anali atasewerera timuyi nyengo 15, yemwe ndi amene anagwetsa mpira m'manja mwa quarterback wa Patriots, Tom Brady, kumapeto kwa Super Bowl ya 2018, analengeza m'mwezi wa Malichi 2025 kuti wapuma. Kumbuyo kunachoka Darius Slay, amene anapita ku Pittsburgh Steelers, ndi C.J. Gardner-Johnson, amene anasinthanitsidwa kupita ku Houston Texans. Mayina asanu onsewa ndi a gulu lotchinga, gulu lomwe m'nyengo ya 2024 linalola adani mayadi ochepa kuposa timu ina iliyonse mu ligi.

Koma kwa ine kuchoka kumene kunandidetsa nkhawa kwambiri si kwa wosewera. Ndi kwa mphunzitsi wa gulu lochinya, Kellen Moore, amene patangopita masiku ochepa chitengereni chikho analembedwa ntchito ya mphunzitsi wamkulu wa New Orleans Saints. M'malo mwake mphunzitsi wamkulu Nick Sirianni anakweza Kevin Patullo, mnzake wogwira naye ntchito kwa nthawi yaitali, amene anabwera ku Eagles mu 2021 koma anali asanagwirepo udindo umenewu mu NFL.

Anthu a ku Philadelphia nkhani iyi anaionapo kale, ndipo chilonda chake sichinapole. Mu Febuluwale 2023 Eagles inagonja pa Super Bowl kwa Chiefs yomweyi, 38 kwa 35. Zitangotha, aphunzitsi a magulu onse awiri anatengedwa: Shane Steichen kupita ku Indianapolis Colts, Jonathan Gannon ku Arizona Cardinals. Ku gulu lochinya timu inakweza munthu wa m'kati momwemo, Brian Johnson. Nyengo ya 2023 inayamba bwino zedi, kupambana masewera 10 mwa 11 oyambirira. Kenaka zinthu zinasokonekera. Inagonja masewera 5 mwa 6 omaliza, ndipo m'ndime yochotsana Tampa Bay Buccaneers inaithudzula 32 kwa 9. Osewera ambiri anali omwe aja. Chimene chinasowa ndi nzeru zatsopano pamene adani anali atazolowera kaseweredwe kake. Johnson anachotsedwa nyengo itatha. Sindikunena kuti Patullo adzatsata mapazi omwewo, ayi. Ndikunena kuti ntchito yosankha njira ya kaseweredwe masekondi ochepa mpira usanayambe, kambirimbiri pa masewera amodzi, munthu amaidziwa akaigwira, ndipo Jalen Hurts wakhala akusinthiridwa aphunzitsi pa udindo umenewu pafupifupi chaka ndi chaka.

(NYIMBO KWA KANTHAWI KOCHEPA)

MUULUTSI: Ngati mwangotipeza kumene, tikukamba za Philadelphia Eagles ndi chiyembekezo chake m'nyengo ya 2025 ya mpira wa ku America. Tamva za amene achoka. Tsopano tione amene anatsala, chifukwa anali ambiri ndipo anali amphamvu.

Dzina lodziwika kwambiri ndi la Saquon Barkley, wothamanga ndi mpira. Iyeyu anabwera mu Malichi 2024 kuchokera ku New York Giants, adani a Eagles a m'gulu limodzi, amene anaona kuti n'kosayenera kumulipira ndalama zimene ankafuna. M'nyengo yake yoyamba ku Philadelphia anathamanga mayadi 2,005 pa masewera 16, kukhala munthu wachisanu ndi chinayi m'mbiri ya ligi kupyola mayadi 2,000. Anali pafupi ndi mbiri ya Eric Dickerson ya mayadi 2,105 ya mu 1984, koma Sirianni anamupumitsa pa masewera omaliza kuti asavulale ndime yochotsana isanayambe. Ena anadandaula, koma chikho chinaonetsa kuti mphunzitsi anaganiza bwino. Pophatikiza ndi masewera ochotsana, Barkley anafika mayadi 2,504, ndipo palibe anafikapo pamenepo m'nyengo imodzi.

Komabe taganizani chimene manambalawa akutanthauza pa thupi la munthu. Barkley ananyamula mpira maulendo opitirira 400 m'nyengo yonseyo, ndipo ambiri mwa maulendowo amathera pakugundidwa ndi kugwetsedwa ndi amuna olemera makilogalamu 100 kapena kuposa. Mu 2025 anali ndi zaka 28, ndipo mu 2020 anavulalapo kwambiri bondo ali ku Giants. Mwa onse amene anapyolapo mayadi 2,000, palibe anachitapo kawiri. Mu 2025 timu inamuonjezera mgwirizano ndi malipiro, ndipo akuyenera, koma woyembekeza kuti abwereza zonse za 2024 akudzikonzera kukhumudwa. Patullo anayenera kupeza njira zoti Hurts aziponyera kwambiri mpira kwa A.J. Brown, DeVonta Smith ndi Dallas Goedert, amene onse analipo ndipo onse anali odalirika, kuti katundu asalemere munthu mmodzi.

Mphamvu yeniyeni ya timuyi, ine ndimaiona pa amuna asanu amene dzina lawo silimveka kawirikawiri pa nkhani. Awa ndi amene amaima mzere kutsogolo kwa quarterback, kumutchinjiriza kuti asagwetsedwe ndi kutsegulira njira wothamanga ndi mpira. Kawirikawiri sachinya, ndipo mpira saugwira n'komwe kupatula wapakati amene amauyambitsa, koma popanda iwo Barkley sakanafika patali. Mphunzitsi wawo mu 2025, Jeff Stoutland, anabwera ku Eagles mu 2013, ndipo anakhalapo pansi pa aphunzitsi aakulu atatu osiyana. Umboni wa ntchito yake ndi Jordan Mailata. Mnyamatayu ndi wa ku Australia, ankasewera rugby, ndipo pamene Eagles inamusankha mu 2018 chakumapeto kwenikweni kwa kasankhidwe, anali asanasewerepo mpira wa ku America ngakhale kamodzi. Stoutland anamuphunzitsa kuyambira poikira phazi, ndipo lero ndi mmodzi wa akatswiri pa malo ake mu ligi yonse. Mu 2025 pambali pake panali Landon Dickerson, pakati panali Cam Jurgens amene analowa m'malo mwa Jason Kelce atapuma mu 2024, ndipo kumapeto kwa dzanja lamanja kunali Lane Johnson. Mwa asanu a 2024 anachoka mmodzi yekha, Mekhi Becton, kupita ku Los Angeles Chargers. Chodetsa nkhawa apa ndi zaka za Lane Johnson, amene anakwanitsa 35 mu 2025. Otsatira timuyi amadziwa kuti masiku amene iye wakhala panja chifukwa chovulala, Eagles imavutika.

Amuna asanuwa ndi amenenso amachititsa kaseweredwe kamene kautsa mkangano mu ligi yonse, kotchedwa tush push. Timu ikatsala ndi yadi imodzi kuti ikwanitse mayadi 10 aja kapena kuti ichinye, mzere wonse umagwada pansi kwambiri, Hurts amalandira mpira n'kudziponya kutsogolo, ndipo anzake awiri kapena atatu amamukankha kumbuyo, monga mmene anthu amakankhira minibasi yotitimira m'matope. Matimu ena anayesa kutengera, koma palibe imene imakwanitsa mofanana ndi Eagles. Zinafika poti Green Bay Packers inapereka ganizo loti kaseweredweka kaletsedwe. Eni matimu atavota m'mwezi wa Meyi 2025, 22 anavomereza kuletsa, koma pamafunika mavoti 24. Choncho tush push sinaletsedwe. Kufunika kwake n'kwakukulu kuposa mmene kumaonekera: matimu ambiri akafika pa mwayi wachinayi amaopa, n'kuumenya mpira kutali kupatsa adani, pamene Eagles ikatsala ndi yadi imodzi imapitiriza molimba mtima. Ine ndikuona kuti amene anakana kuletsa anachita bwino. Kaseweredwe kamene timu ina iliyonse ili ndi ufulu wokachita sikayenera kuletsedwa chabe chifukwa timu imodzi yakadziwa kuposa anzake.

Nanga gulu lotchinga, lomwe lataya anthu ambiri chotere? Apa tiyenera kutchula bambo Howie Roseman, amene amayang'anira zogula ndi kusankha osewera. Malamulo a ligi amati wosewera wongochoka ku yunivesite amalandira malipiro oikika, otsika poyerekeza ndi a akuluakulu, kwa zaka 4 zoyambirira. Roseman waika ndalama zambiri pa gulu lochinya (Hurts yekha anasaina mu 2023 mgwirizano wa zaka 5 wa madola 255 miliyoni), ndipo gulu lotchinga walidzaza ndi achinyamata osankhidwa mosamala. Jalen Carter, Jordan Davis, Nolan Smith ndi Nakobe Dean onse anachokera ku yunivesite imodzi ya Georgia, kumene anatengera limodzi chikho cha mayunivesite. Quinyon Mitchell ndi Cooper DeJean anasankhidwa mu 2024 ndipo anakhala odalirika m'chaka chawo choyamba. Mmodzi amene timu inaona kuti sangachoke ndi Zack Baun, amene anabwera kuchokera ku New Orleans Saints ali wosadziwika kwenikweni, nasanduka mmodzi wa akatswiri a ligi pa malo ake. Iyeyu wapatsidwa mgwirizano wa zaka 3. Ndipo mphunzitsi wa gululi, mkulu wodziwa ntchito Vic Fangio, sanachoke. Pa Super Bowl paja Fangio sanafune kutumiza anthu oonjezera kukathamangitsa Mahomes. Anayi akutsogolo anakwanira, ndipo ena asanu ndi awiri anatsala kumbuyo kutseka njira zonse zoponyera. Funso la nyengo ya 2025 linali lakuti popanda Sweat, Williams ndi Graham, anayi atsopanowo akwanira kodi? Dean naye anavulala bondo m'mwezi wa Januwale 2025 pa masewera ndi Green Bay, ndipo kuchira kwa bala lotere kumatenga miyezi yambiri.

Mu Epulo 2025 timu inasankha Jihaad Campbell wochokera ku yunivesite ya Alabama pa nambala 31. Koma kwa ife omvera a chigawo chino cha Africa, dzina loti tiligwire ndi la amene anasankhidwa pa nambala 64, Andrew Mukuba. Mnyamatayu anabadwira ku Zimbabwe, ndipo anasamukira mumzinda wa Austin ku Texas ndi banja lake ali mwana. Anasewera ku yunivesite ya Clemson, kenaka ku yunivesite ya Texas. Amasewera kumbuyo kwenikweni kwa gulu lotchinga, malo amene Gardner-Johnson anasiya, choncho mwayi woti tiyambe kumuona m'bwalo msanga unalipo. Abale athu a ku Harare ndi Bulawayo amene mukutimvera, ameneyo ndi mwana wobadwira kwanu.

Adani nawo sanagone. Eagles ili m'gulu la NFC East pamodzi ndi Dallas Cowboys, New York Giants ndi Washington Commanders, ndipo m'gulu limeneli panalibe timu imene inakhala yoyamba zaka ziwiri zotsatizana pambuyo pa 2004 mpaka 2024. Washington ndiyo inkaoneka yoopsa. Quarterback wawo Jayden Daniels, m'chaka chake choyamba, anaipambanitsa masewera 12 mwa 17 n'kuifikitsa pa masewera olimbirana malo a ku Super Bowl, kumene Eagles inaigonjetsa 55 kwa 23. Mnyamatayo tsopano wakhwimako. Kunja kwa gululi kuli Los Angeles Rams, imene inatsala pang'ono kuitulutsa Eagles m'chipale chofewa mu Januwale 2025, masewera atatha 28 kwa 22. Kulinso Detroit Lions, imene inapambana masewera 15 m'nyengo ya 2024, ndi Green Bay Packers.

Maganizo anga nyengo ya 2025 isanayambe anali awa. Eagles ilowa m'ndime yochotsana, ndipo ndikuipatsa mwayi woposa wa Washington wokhala yoyamba mu NFC East, chifukwa mzere wa amuna asanu aja ndi aphunzitsi Stoutland ndi Fangio onse alipo. Koma za chikho chenicheni, chomwe chidzalimbiranidwe pa 8 Febuluwale 2026 ku Santa Clara m'dera la California, sindingakulonjezeni. Zidalira ngati Patullo adzakhale ndi njira zatsopano adani akadzatseka Barkley, ndiponso ngati Lane Johnson ndi Barkley adzafike mwezi wa Januwale ali athanzi.

Masewera oyamba a nyengo ya 2025 anali a Eagles ndi Dallas Cowboys pa bwalo la Lincoln Financial Field. Ku America linali Lachinayi usiku, koma kuno ku Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe nthawi inali itangopitirira 2 koloko m'bandakucha wa Lachisanu pa 5 Sepitembala. Lamulungu pa 14 Sepitembala, Eagles inapita ku Kansas City kukakumananso ndi Chiefs, nthawi ya kuno itangopitirira 10 koloko usiku. Mukamadzaonera Eagles ikusewera, maso asamangotsata mpira. Kangapo konse yang'anani amuna asanu aja apamzere, ndipo mufufuzenso Mukuba kumbuyo.

(NYIMBO YOTSEKERA)